Kuyenda Wapansi M'midzi ya ku Lichinga: Cholowa cha Niassa N'chiti, Ndipo Chisungidwe Motani?

Ku Ulaya kuli ulendo wina umene anthu amaukonda pa masiku opuma. Amasiya galimoto n'kutsata kanjira kodutsa m'minda ndi m'midzi, akuona zigayo zakale zoyendera madzi, nyumba zikuluzikulu za mabanja a eni nthaka, matchalitchi ndi milatho yamiyala. Ku Portugal tinjira tifupitifupi totere amatiika zizindikiro za utoto wachikasu ndi wofiira pamiyala ndi pamitengo kuti mlendo asasochere. Midzi imene achinyamata anaichoka imapezako ndalama, ndipo ana asukulu amaphunzira mbiri ya kwawo akuiona ndi maso.

Kodi dera lozungulira Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, lili ndi zotani zoti munthu woyenda wapansi angaone? Eni ake a zinthuzo ndani, ndipo woyenera kuzifotokoza ndani? Cholowa cha derali n'chochuluka, koma maonekedwe ake ndi ena. Wopita kukafuna zigayo zamadzi ndi nyumba zamiyala zokha adzabwerako akunena kuti kulibe kanthu. Wodziwa kuwerenga mabwinja, mitengo ya mango, manda, ngalande ndi njira zakale adzapeza mbiri pamtunda uliwonse.

Cholowa n'chiyani?

Cholowa ndi chimene mbadwo wina walandira kwa makolo ndipo waona kuti n'choyenera kusiyira ana. Chili pawiri. Pali chogwirika ndi manja: nyumba, mapanga, manda, ng'anjo zosungunulira chitsulo, mapale a mbiya ndi njira. Pali chosagwirika: chilankhulo, magule monga mganda ndi chiwoda za kunyanja, zinamwali za Ayao monga jando ndi nsondo, mayina a malo, ndi luso loumba mbiya kapena kusema bwato. Kumudzi ziwirizi siziyenda padera. Msitu wa kumanda umaoneka ngati mitengo wamba kwa munthu amene sadziwa amene anagonamo.

Dziko la Mozambique linakhazikitsa lamulo loteteza cholowa pa 22 Disembala 1988, lodziwika ndi nambala 10/88. Lamuloli limateteza zogwirika ndi zosagwirika zomwe. Zinthu zina limaziteteza popanda kudikira kuti wina azilembetse: zonse zofukulidwa pansi, nyumba zonse zomangidwa chisanafike chaka cha 1920, komanso misasa ikuluikulu ya FRELIMO, gulu limene linamenya nkhondo yomenyera ufulu. Chaka cha 1920 chili ndi tanthauzo lalikulu ku Niassa. Tauni ya Lichinga inakhazikitsidwa mu 1931, ndipo mishoni ya Massangulo inayamba mu 1928. Choncho nyumba zambiri zimene anthu a kuno amazitcha zakale zili kunja kwa chitetezo chobwera chokhachi. Kuti zitetezedwe, pafunika munthu kapena bungwe lozilemba ndi kupempha boma kuti liziike m'kaundula.

Dera lake

Lichinga ili pachitunda chokwera mamita oposa 1,300 kuchokera panyanja yamchere. Kumazizira mu Juni ndi Julaye, ndipo mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Alimi amadziwika ndi nyemba, chimanga ndi mbatatesi. Mitsinje monga Lucheringo ndi Messinge imayenda cha kumpoto kukathira mu Rovuma, pamene timitsinje ta kumadzulo timatsetsereka m'mapiri kukagwera m'nyanja imene a ku Mozambique amati Niassa ndipo a kutsidya amati Malawi. Meponda, doko lapafupi, lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Metangula ali kupitirira pang'ono makilomita 100.

Pachitundapo ambiri ndi Ayao. M'mbali mwa nyanja, m'boma la Lago, muli Anyanja. Kummwera ndi kummawa kuli Amakua. Anthu a mitundu itatuyi anakwatirana, anagulitsana malonda, ndipo nthawi zina anamenyana. N'chifukwa chake malo amodzi amatha kukhala ndi mbiri ziwiri kapena zitatu.

Mbiri imene ili m'mbali mwa njira

Chakale kwambiri ndi phanga la Ngalue, kumpoto kwa Lichinga. Mu 2009 katswiri wofukula zakale Julio Mercader, wa pa yunivesite ya Calgary, anafalitsa zimene anapeza m'phangali: zida zamiyala za zaka pafupifupi 105,000 zapitazo, zokhala ndi zotsalira za mapira akuthengo.

Patapita mibadwo yosawerengeka, chitundachi chinakhala mphambano ya malonda. Ayao, amene pakati pawo panali Achisi odziwa kusula makasu, anatsegula njira zopita ku Kilwa ndi ku Ilha de Moçambique, kugombe la nyanja yamchere. Poyamba ankanyamula zitsulo, fodya ndi minyanga ya njovu. M'zaka za m'ma 1800 malonda a akapolo anakula, ndipo mafumu monga Mataka, Makanjila ndi Mtalika analemera ndi kupeza mfuti. David Livingstone anafika ku Mwembe, mzinda wa Mataka, mu Julaye 1866. Analemba kuti munali nyumba zosachepera 1,000, kuti zina zinali zamakona anayi ngati za kugombe la nyanja yamchere, ndiponso kuti anthu ankapatutsa madzi a akasupe kuthirira nsawawa ndi fodya. Chisilamu chinalowera m'njira zomwezi, ndipo mafumu anayamba kuchilandira cha m'ma 1870 ndi 1880.

Zaka zomwezo zinali za mantha kwa ena. Anyanja anadzitchinga m'malinga m'mphepete mwa nyanja pothawa nkhondo za Angoni ndi za ogwira akapolo. Ku Unango anthu a mfumu Kalanje anamanga nyumba m'mbali mwa phiri kuti adani asawafikire msanga.

Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anafika nthawi imeneyi. William Percival Johnson anakhala ku Mwembe mu 1880, n'kufika kunyanja mu 1882. Likoma inakhala likulu lawo la kunyanja mu 1885, ndipo sitima zawo zinkayendera midzi ya kugombe la kummawa, kusiya aphunzitsi ndi timatchalitchi. Messumba, pafupi ndi Metangula, inadzakula n'kukhala ndi tchalitchi chachikulu, sukulu ndi chipatala. Ku Unango kunatumikira Yohana Barnaba Abdallah, wansembe wachiyao amene analemba buku la mbiri ya mtundu wake, Chiikala cha Wayao, losindikizidwa ku Zomba mu 1919. Akatolika a chipani cha Consolata anabwera pambuyo pake, ndipo bambo Pietro Calandri anayambitsa Massangulo mu 1928.

Ulamuliro wa Apwitikizi unafika mochedwa. Boma la Portugal linapereka dera lonse la kumpoto kwa mtsinje wa Lúrio kwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inalamulira kuyambira m'ma 1890 mpaka 1929. Kampaniyi inkadalira msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza, ndipo anthu ambiri anathawira ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Mwembe anagwa mu 1912, Mataka wa nthawiyo n'kuwoloka Rovuma. Apwitikizi anatcha malowo Valadim, dzina la msilikali wawo amene anaphedwa m'dziko la Mataka mu 1890. Kampani itachoka, boma linamanga tauni ya Vila Cabral mu 1931, kuitcha dzina la bwanamkubwa José Cabral. Njanji inafika mu 1969. Dziko litalandira ufulu mu 1975, tauniyo inatchedwa Lichinga.

Nkhondo ziwiri zinasintha malo a midzi. Yoyamba, yomenyera ufulu, inafika ku Cobue, m'mbali mwa nyanja, mu Seputembala 1964. Asilikali achipwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yolonderedwa kuti asamathandize FRELIMO, ndipo ena anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Mu Julaye 1968 FRELIMO inachita msonkhano wake waukulu wachiwiri ku Matchedje, pafupi ndi Rovuma, motsogozedwa ndi Eduardo Mondlane. Ufulu utabwera, boma latsopano linalimbikitsa midzi yolima pamodzi. Mu 1979 Samora Machel analengeza zomanga mzinda watsopano ku Unango, ndipo mu 1983 anthu zikwizikwi anachotsedwa m'mizinda ya kummwera n'kutumizidwa ku Niassa pa ntchito yotchedwa Operação Produção. Nkhondo yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inasamutsanso anthu. Zotsatira zake n'zakuti midzi yambiri ya lero siili pamene agogo anabadwira. Mudzi wakale uli kutchire, pamene pali mitengo ya mango yokalamba ndi manda.

Chigayo chamadzi: mmene chimagwirira ntchito

Chigayo chamadzi, chonga zimene oyenda wapansi amaona ku Ulaya, chimafuna zinthu ziwiri: madzi oyenda osaleka ndi malo otsetsereka. Omanga amatchinga mtsinje pang'ono kumtunda, n'kupatutsa madzi m'ngalande yoyenda m'mbali mwa phiri. Pamene ngalandeyo yatalikirana ndi mtsinje, amagwetsa madziwo pa gudumu lokhala ndi zipande. Gudumu likamazungulira, limazunguza mwala wapamwamba pa mwala wapansi wosasuntha, ndipo mbewu zimaperedwa pakati pa miyala iwiriyo. Gudumu lina limakhala logona, lolumikizidwa ndi mwala pa mtengo umodzi. Limeneli ndi losavuta kumanga. Lina limakhala loimirira, ndipo limafuna mano osinthira mphamvu.

Mphamvu yake imachokera pa kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pogwera. Malita 100 pa sekondi iliyonse, akagwa mamita 5, amakhala ndi mphamvu ya makilowati pafupifupi 5, ngakhale gawo lina, nthawi zina mpaka theka, limatayika m'ngalande ndi pagudumu. Ku England kaundula wa mu 1086 anawerenga zigayo zoposa 5,000. Kumpoto kwa Portugal mitsinje ing'onoing'ono inali ndi zigayo zondondozana.

Chifukwa chake sichinafale m'midzi ya Niassa

Mapiri a pakati pa Lichinga ndi nyanja ali ndi mathithi okwanira, ndipo alimi a m'chigawochi ankadziwa kale kuyendetsa madzi m'ngalande. Komabe ntchito yopera inakhalabe pa mphero ndi mumtondo. Zifukwa zake zilipo zingapo.

Choyamba ndi ufa umene anthu amafuna. Mapira ndi mawere ankaperedwa pa mphero. Chimanga, chimene chinachokera ku America pambuyo pa chaka cha 1500, chinabwera ndi ntchito yaitali: kukonola, kupeta, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kusinja, kusefa ndi kuyanika. Miyala ya chigayo chamadzi imatulutsa ufa wonga mgaiwa, ndipo mphale yonyowa imamata pamiyala. Banja lofuna ufa woyera likanafunabe mtondo.

Chachiwiri ndi kusakhazikika. Munthu amasema miyala yolemera ndi kukumba ngalande yaitali pamene akudziwa kuti zidzukulu zake zidzakhala pomwepo. M'dziko limene midzi inkasamuka chifukwa cha nthaka yoguga, nkhondo, msonkho ndi chibalo, chuma chanzeru chinali chimene munthu angasenze pamutu.

Chachitatu ndi nyengo. Timitsinje timadzaza m'dzinja n'kuchepa kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, pamene m'nkhokwe muli chimanga chambiri chofuna kugaya. Chachinayi, ntchito yosinja inali ya amayi ndi atsikana, ndipo olamulira, kaya mafumu kaya kampani, sankaiwerengera mtengo. Pomaliza, makina atayamba kufika m'midzi, chimene chinafika ndi chigayo cha dizilo, chimene chimaikidwa pamsika paliponse popanda kufuna mtsinje.

Kumene mphamvu ya madzi inagwiritsidwa ntchito m'maiko athu ano, kawirikawiri kunali pamishoni ndi m'maesiteti. Livingstonia, kutsidya la nyanja, inali ndi magetsi a madzi mu 1905. M'mapiri a ku Manica alimi ena ali ndi zigayo zamadzi, ndipo zina zinakonzedwa kuti zizipanganso magetsi. Lichinga nayo ili ndi malo aang'ono opangira magetsi a madzi, a mphamvu yosafika megawati imodzi, omangidwa m'ma 1980 tauniyi isanalumikizidwe ku magetsi a damu la Cahora Bassa. Choncho ulendo wofuna kuonetsa mbiri ya madzi ndi ufa ku Niassa uyenera kudutsa pamiyala yokumbika ndi kupera, pamadimba ndi ngalande zake, pamtondo, ndi pachigayo cha pamsika.

Nyumba zikuluzikulu: zinali za yani?

Nyumba za eni nthaka za ku Ulaya, monga Casa de Mateus ya ku Vila Real, zinamangidwa ndi mabanja amene anagwira nthaka imodzi kwa zaka mazana, akudya za alimi obwereka minda. Ku Mozambique zofanana nazo zinali m'chigwa cha Zambezi, ku Tete ndi ku Zambézia, kumene mabanja a eni minda ikuluikulu yotchedwa maprazo anali ndi malinga ndi ankhondo awo. Ku Malawi tingatchule nyumba za m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, kapena Mandala House ya mu 1882 ku Blantyre. Ku Niassa kunalibe maprazo, ndipo azungu olima anali ochepa.

Nyumba zaulemu za kuno zinali za mitundu inayi. Panali nyumba za mafumu, zamitengo ndi dothi, zofolera udzu. Zimenezi zimatha m'mbadwo umodzi, n'kusiya chulu chafulati, mapale ndi mitengo yazipatso. Panali mizikiti, imene imamangidwanso pamalo omwewo mobwerezabwereza, kotero kuti malowo ndi akale ngakhale makoma ali atsopano. Panali nyumba za boma ndi masitolo a amalonda achimwenye ndi achipwitikizi, zokhala ndi khonde lalikulu. Ndipo panali mamishoni, amene ndiwo ali ndi nyumba zazikulu koposa za njerwa ndi miyala: Messumba, Massangulo, Unango, ndi tchalitchi cha Akatolika cha ku Cobue chimene chinawonongeka pa nkhondo.

Zimene zimawononga

Nyumba yakale imayamba kufa kudenga. Lata limodzi likachoka kapena thailosi likasweka, madzi amalowa pamwamba pa khoma n'kusungunula dothi logwira njerwa. Mitengo ya denga ikanyowa, chiswe chimalowa. Mbalame zimagwetsa njere za kachere m'ming'alu, ndipo mizu yake imang'amba khoma. Kukonza kolakwika nako kumapha: khoma lomangidwa ndi dothi kapena laimu likapakidwa simenti, chinyontho chimatsekeredwa mkati ndipo njerwa zimafumbutuka.

Vuto lina ndi la umwini. Pa 24 Julaye 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala, kuphatikizapo za mishoni, ndipo mu Febuluwale 1976 linatenga nyumba zalendi. Zina zinabwezedwa kumipingo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Pamene sizikudziwika bwino kuti wokonza denga ndi mpingo, boma kapena mudzi, palibe amene amakonza, ndipo anthu osowa amayamba kutola njerwa ndi malata.

Mabwinja ndi manda zimaonongeka m'njira ina. Moto wa lupsa umapsereza mitengo yozindikiritsa malo. Misewu ndi migodi zimakumba. Kuyambira cha mu 2005 makampani monga Chikweti Forests of Niassa, imene inadzagulidwa ndi Green Resources mu 2014, anadzala paini ndi bulugamu pamalo aakulu ozungulira Lichinga, ndipo panabuka mikangano ndi midzi ina pa za malire ndi kufunsidwa kwa eni dera. Lamulo la nthaka la mu 1997 limavomereza ufulu wa midzi pa nthaka imene makolo awo ankagwiritsa ntchito, ndipo limafuna kuti anthu afunsidwe. Koma bwinja losalembedwa pa mapu limaoneka ngati tchire lopanda mwini kwa munthu woyeza malo.

Maganizo osiyanasiyana

Gulu loyamba limati nyumba zakale ndi chuma chokopa alendo. Limatchula Ilha de Moçambique, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa cholowa cha dziko lonse mu 1991, ndi tchalitchi cha St Peter's pa Likoma. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga inatsegulidwanso mu 2016 ndipo misewu ikuluikulu yakonzedwa, choncho kufika n'kosavuta kusiyana ndi kale. Chofooka cha ganizoli n'chakuti Niassa ali kutali ndi mizinda ikuluikulu, ulendo wake ndi wodula, ndipo alendo akunja ndi ochepa. Mudzi wolonjezedwa chuma cha alendo ukadikira osaona kanthu, umataya chidwi ndi cholowa chomwe.

Gulu lachiwiri limati ndalama zochepa zimene zilipo zipite ku malo a nkhondo ya ufulu ndi a mafumu amene anakana atsamunda. Nyumba za boma lakale, likutero, zimakumbutsa chibalo ndi chikoti. Boma latsata kwambiri njira imeneyi: Matchedje ndi malo otetezedwa a dziko lonse, ndipo mu 2009 panabwera lamulo lapadera la cholowa cha nkhondo ya ufulu. Otsutsa amayankha kuti njerwa za nyumba za atsamunda zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi manja a anthu a kuno, ndipo nyumba imene anthu ankakhomera msonkho ndi umboni wa zimene makolo anapirira. Amakumbutsanso kuti sukulu za mishoni monga Messumba zinaphunzitsa ambiri amene anadzalowa FRELIMO, ndiponso kuti Paulo Litumbe, bishopu woyamba wa Anglican wa Niassa, anamangidwapo ndi apolisi achinsinsi a Apwitikizi.

Gulu lachitatu, limene muli mafumu, mashehe ndi anamkungwi ambiri, limati cholowa chenicheni n'chimene anthu akuchigwiritsabe ntchito, ndipo si chonse choyenera kuonetsedwa. Kumanda sapitako wamba. Za kusimba ndi za olowa okha. Ganizoli limateteza ulemu wa eni ake, koma lili ndi funso lake: nanga amayi, achinyamata ndi mbumba za amene anabwera ngati akapolo kapena otumizidwa mu 1983, mawu awo amamveka pamene mfumu yokha ndiyo ikufotokoza?

Gulu lachinayi limati dera losowa zipatala, madzi abwino ndi ntchito lisatangwanike ndi mabwinja. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Komabe nyumba yakale yokonzedwa ikhoza kukhala kalasi kapena chipatala, ndipo kulemba manda pa mapu kumateteza nthaka ya mudzi. Pa ntchito zikuluzikulu zokumba, malamulo a mu 1994 amafuna kuti gawo losachepera 0.5 peresenti la ndalama za ntchitoyo lipite ku kufufuza ndi kupulumutsa zakale.

Zodziwika ndi zimene anthu akutsutsana

Zaka za kampani, za mamishoni ndi za nkhondo n'zolembedwa bwino. Kukula kwa Mwembe kuli ndi mboni zoona ndi maso komanso buku la Abdallah. Palibenso amene amakana kuti malonda a akapolo anali maziko a mphamvu za mafumu akuluakulu a m'ma 1800.

Mkangano uli pa tanthauzo. Pa za Ngalue, akatswiri ena amakayika ngati zotsalira za mapira zikusonyeza chakudya; amati udzuwo mwina ankayala pogona kapena kukolezera moto. Pa za Mataka, mabuku a sukulu amatamanda ufumuwu chifukwa chokana Apwitikizi mpaka 1912, pamene mabanja ena a kunyanja amakumbukira abale amene anagwidwa. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo wofotokozera alendo ayenera kunena zonse. Nkhani za mfumukazi Achivanjila, mkazi wa Mataka woyamba amene udindo wake unapitirira m'boma la Majune, zimasonyeza kuti mbiri ya amayi imasungidwa pakamwa kuposa m'mabuku.

Povuta kwambiri ndi pa misasa imene boma linkatsekeramo anthu pambuyo pa 1975, monga M'telela ku Majune, kumene anasungidwa andale otsutsa Uria Simango ndi Joana Simeão. Ena amati kukumba nkhani zimenezi n'kutsegula mabala. Ena amati mabanja ali ndi ufulu wodziwa ndi wolira. Malamulo a cholowa amatchula momveka malo a nkhondo ya ufulu, koma malo a zowawa za pambuyo pake alibe ulemu wofanana.

Zoyenera kuchita

Malo a mbiri a ku Niassa ndi otalikirana, choncho njira imodzi yaitali siingatheke. Chotheka ndi maulendo afupiafupi a theka la tsiku, ozungulira malo amodzi: Metangula, Chuanga ndi Messumba kunyanja, phiri ndi mishoni ku Unango, Massangulo pa msewu wa ku Mandimba, ndi Muembe. Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala. Dziko la Mozambique linalengezedwa mu 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira onse odziwika, komabe ndi nzeru kutsata njira zimene eni dera amayendamo.

Ntchito iyambe ndi kulemba. Mudzi uliwonse, mothandizidwa ndi aphunzitsi, ofufuza za chikhalidwe a bungwe la ARPAC, ndi ophunzira a Universidade Rovuma ku Lichinga kapena Universidade Lúrio ku Unango, ungajambule mapu a mabwinja, manda, akasupe ndi njira zake. Mapuwo akhale m'manja mwa mudzi, ndipo mudzi usankhe zoonetsa ndi zobisa. Nyumba yosungiramo zakale ya ku Metangula ndi poyambira pabwino. KuNgoni ya ku Mua, ku Malawi, imene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ikusonyeza kuti mishoni ikhoza kukhala nkhokwe ya miyambo ya anthu oizungulira.

Pa nyumba, ndalama zoyamba zipite kudenga, ku ngalande zochotsa madzi ndi kuzula mitengo yomera pakhoma. Utoto ungadikire. Amisiri aphunzitsidwe kukonza ndi laimu ndi dothi monga anamangira oyamba, ndipo nyumba iliyonse ipatsidwe ntchito, chifukwa yokhalamo anthu imaonedwa ikangoyamba kudontha.

Za ndalama zikambidwe poyera alendo asanabwere: wotsogolera alandira zingati, thumba la mudzi zingati, ndipo wosunga thumbalo ndani. Zimene zachitika pa ntchito zosamalira zachilengedwe pamodzi ndi midzi ku Chipanje Chetu m'boma la Sanga ndi ku Manda Wilderness pafupi ndi Cobue zili ndi maphunziro pa kagawidwe ka phindu. Alendo oyamba kuwaganizira akhale ana asukulu a ku Lichinga, a mipingo, ndi abale ochokera ku Likoma, Mangochi ndi Tanzania amene makolo awo anachoka kuno.

Mlendo naye ali ndi mbali yake. Ayambe wakaonekera kwa mfumu, ayende ndi munthu wa pamudzipo, apemphe asanajambule, avale modzilemekeza pafupi ndi mzikiti ndi tchalitchi, ndipo asatole phale kapena mkanda uliwonse. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pa ntchito zonsezi, imodzi siingadikire. Anthu amene anasamutsidwa m'ma 1960, amene amadziwa pamene panali mudzi wakale, dzina la kasupe ndi mwini wa manda aliwonse, lero ndi okalamba. Khoma lakugwa likhoza kumangidwanso potsata chithunzi, koma dzina la malo likapita ndi mwini wake palibe mmisiri angalibweze. Sukulu iliyonse, mpingo uliwonse ndi mzikiti uliwonse wa m'maboma a Lichinga, Chimbunila, Sanga, Lago, Muembe ndi Ngauma ungathe kuyamba chilimwe chino, ndi kope, foni yojambulira mawu, ndi achinyamata ofunitsitsa kuyenda ndi agogo awo kukaona mabwinja.